Kuvomera mlandu chifukwa chomenyedwa si mapeto a nkhani

Kwa zaka zambiri kuno ku Mangochi, m'madoko a asodzi ndi pamsika pomwe, takhala tikumva kuti munthu akavomera mlandu kupolisi, ngakhale atachita kumenyedwa, khoti silingachitire mwina koma kumupeza wolakwa. Izi si zoona. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, limaletsa kukakamiza womangidwa kuvomera mlandu, ndipo gawo 19 limaletsa kuzunza munthu. Woimbidwa mlandu angathe kufotokozera woweruza mmene anasainira chikalata chovomera mlanducho, ndipo khoti silidalira mawuwo lisanakhutire kuti anawanenadi iyeyo komanso kuti ndi oona. Sikuti umboni wotere umangotayidwa nthawi zonse ayi, koma umaunikidwa kaye. Musanafalitse zongomva, werengani magawowa nokha kapena funsani loya.