Mavu opha nyenje: chiopsezo chawo ndi ntchito yawo yeniyeni

Chaka chilichonse m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, imene ndi nyengo yotentha kwambiri kum'mawa ndi pakati pa dziko la United States, eni nyumba ambiri amadzidzimuka poona mavu akuluakulu akuuluka chapansipansi pa kapinga wawo, ndipo pambali pa njira pamakhala pataunjikana timilu ta dothi lofukulidwa kumene. Mavu amenewa, omwe akatswiri amawatcha Sphecius speciosus, amatha kutalika mpaka masentimita 5, thupi lawo ndi lakuda lokhala ndi mizere yachikasu kumimba, ndipo mapiko awo ndi ofiirira. Munthu aliyense amene analumidwapo ndi mavu a pa tsindwi la nyumba sangachitire mwina koma kuthawa. Komabe pa mavu onse akuluakulu a ku America, amenewa ali m'gulu la ofatsa kwambiri, ndipo chifukwa chake chimamveka bwino munthu akadziwa mmene amakhalira.

Mavu amene amaluma anthu kawirikawiri ndi aja okhala pachisa chimodzi, chifukwa ali ndi mazira ndi ana ambiri oti awatchinjirize, ndipo mmodzi akaputidwa onse amalusa. Mavu opha nyenje sakhala motero. Alibe mfumukazi, alibe antchito, ndipo aakazi alionse amakumba una wawowawo ndi kusamalira mazira awoawo. Nthawi zina mauna ambiri amapezeka pamalo amodzi, koma si chifukwa chogwirizana ayi, n'chifukwa chakuti onse akopeka ndi dothi lomwelo: lamchenga kapena lofewa, losasunga madzi, lowombedwa dzuwa komanso la udzu wapatalipatali.

Amene amaopseza anthu ndi aamuna. Iwo ndi amene amayamba kutuluka m'nthaka, ndipo aliyense amadzisankhira kamalo kake pafupi ndi pamene aakazi adzatulukire, n'kumathamangitsa chilichonse chodutsapo, kaya ndi anzawo, mbalame, galu kapena munthu amene akutchetcha kapinga. Amabwera mwaliwiro, n'kuima m'malere pafupi ndi nkhope ya munthu ngati akufuna kumuluma. Zoona zake n'zakuti alibe mbola. Mwa mavu ndi njuchi, mbola ndi chiwalo choikira mazira chimene chinasanduka chida, choncho imapezeka mwa zazikazi zokha. Aamuna ali ndi kaminga kumapeto kwa mimba komwe angabaye nako munthu akawafumbata, koma mulibe ululu. Aakazi ali nayo mbola, yaitali ndithu, koma saluma pokhapokha munthu awaponde wopanda nsapato kapena awagwire ndi dzanja, ndipo amene analumidwapo amati kupweteka kwake n'kochepa poyerekeza ndi kukula kwa kachiromboka. Tisaiwale, komabe, kuti pali anthu amene thupi lawo limadana ndi ululu wa mavu ndi njuchi, ndipo oterewa ayenera kusamala ndi mtundu uliwonse.

Mbolayo ntchito yake ndi ya pa nyenje. Akatha kukwerana, aakazi amakumba una pomasula dothi ndi nsagwada zawo, n'kumalikankhira kunja ndi miyendo yakumbuyo akuyenda chafutambuyo. Unawo umalowa pansi masentimita 25 mpaka 50, ndipo m'kati mwake mumakhala tizipinda tingapo, nthawi zina topitirira 10. Kenaka amapita m'mitengo kukasaka. Munthu angaganize kuti amalondola kulira kwa nyenje, koma amagwiranso nyenje zazikazi zomwe sizilira n'komwe, zimene zikusonyeza kuti maso ndiwo amawatsogolera kwambiri. Akaipeza amaibaya, ndipo pakangopita kanthawi nyenjeyo imafa ziwalo.

Apa dzina lakuti opha nyenje limasocheretsa pang'ono. Nyenjeyo siifa, imangolephera kuyenda. Ikanaphedwa ikanawola msanga m'nthaka yotentha, ndipo mphutsi ikanapeza chakudya chovunda, koma poti ili moyo, mnofu wake umakhala wabwino kwa masiku onse amene mphutsiyo ikudya. Amene amapha nyenje ndi mwana, mayi amangoikonzera.

Vuto lalikulu ndi kunyamula. Nyenje imatha kulemera kuwirikiza kawiri kulemera kwa mavuwo, ndipo ngakhale amaigadabuza n'kuikumbatira mimba ndi mimba, kunyamuka nayo kuchokera pansi n'kovuta. Akagwa nayo asanafike, amaikoka n'kukwera nayo mtengo, mpanda kapena khoma, kenaka n'kudziponya kuchokera pamwambapo kuti auluke motsetsereka kulowera ku una, ndipo ulendo umodzi ungafune kukwera kangapo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mavu amenewa: aakazi aakulu thupi amanyamula nyenje zazikulu ndipo amafika nazo kwawo, pomwe aang'ono amavutika. Kukula kwa thupi kumadalira kuchuluka kwa chakudya chimene anadya ali mphutsi, popeza akatuluka m'nthaka sakulanso, ndipo amangomwa timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi madzi otuluka m'mitengo.

N'chifukwa chake mayi sagawa chakudya mofanana. M'kachipinda ka mwana wamwamuna amaikamo nyenje imodzi, koma m'kachipinda ka mwana wamkazi amaikamo ziwiri kapena zitatu. Funso n'lakuti amadziwa bwanji chimene dzira lidzakhale. Yankho lake n'lakuti amasankha yekha. Umuna umene analandira pokwerana amausunga m'kathumba m'thupi mwake, ndipo poikira dzira angathe kuutulutsa kapena kuusunga. Dzira lokumana ndi umuna limabala wamkazi, losakumana nawo limabala wamwamuna, monga zimakhaliranso ndi njuchi ndi nyerere. Motero mwana wamkazi, amene adzafunika mphamvu zokumba ndi kunyamula, amapatsidwa chakudya chochuluka, pomwe wamwamuna, amene ntchito yake ndi kulondera kamalo ndi kukwera, amakula ndi nyenje imodzi n'kutuluka wocheperapo.

Dziralo limaikidwa pansi pa mwendo wapakati wa nyenje, kachipindako n'kutsekedwa ndi dothi. Pakatha masiku awiri kapena atatu mphutsi imaswa, imadya kwa masiku osapitirira milungu iwiri mpaka kutsala chikhungwa chokha, kenaka imaluka chikwa n'kugonamo nyengo yonse yozizira. Imatuluka chaka chotsatira ili mavu okhwima, makolo ake atafa kale cha mu Sepitembala kapena Okutobala. Si ana onse amene amafika pamenepo, chifukwa pali ntchentche zina zimene zimatsatira mayi akamabwera ndi katundu wake, n'kuikira mphutsi zawo pa nyenjeyo isanalowe mu una, ndipo mphutsizo zimalanda chakudya chonse.

Nyenje zimene mavuwa amadalira ndi zija zotuluka chaka ndi chaka dzuwa likafika pachimake. Nyenje zotchuka za ku America zimene zimatuluka mwaunyinji pakatha zaka 13 kapena 17 zimabwera mu Meyi ndi Juni, ndipo zambiri zimakhala zitafa mavuwa asanayambe kusaka.

Kukula kwawo kunawaika m'mavuto mu 2020, pamene mbiri inafala yakuti mavu akuluakulu a ku Asia otchedwa Vespa mandarinia, omwe amaononga ming'oma ya njuchi, apezeka m'chigawo cha Washington kumapeto kwa 2019. Anthu a m'zigawo zakutali, kumene mavu achilendowo sanafikeko, anayamba kupha mavu opha nyenje powaganizira molakwa, mpaka akatswiri a m'mayunivesite anachita kufalitsa zithunzi zosiyanitsa: a ku Asia ali ndi mutu waukulu wa mtundu wa lalanje ndi mizere yozungulira mimba yonse, pomwe a nyenje ali ndi mutu waung'ono ndi mizere yodukaduka. Boma la United States linalengeza mu Disembala 2024 kuti mavu a ku Asia aja atheratu m'dzikomo.

Kwa mwini kapinga amene timilu ta dothi tikumunyansa, mankhwala ophera tizilombo sathandiza kwenikweni, chifukwa dothi likakhala lomwelo, mavu ena adzabweranso chaka chamawa. Chimene chimathandiza ndi kuthirira malowo mokwanira m'milungu imene aakazi akukumba, kubzala udzu m'malo onse a mbee, ndi kusautchetcha mofupikitsa kwambiri, popeza mavuwa sakonda kukumba m'dothi lonyowa kapena lolukana ndi mizu.