Malipiro akakwera, chopereka chikwere bwanji?

M'matchalitchi a ku Britain ndi ku America, kukonda chuma kumalowa mwakachetechete. Malipiro akakwera, banja limasamukira m'nyumba yaikulu, galimoto imasinthidwa, ngongole ya pakhadi imakula. Munthu akhoza kumapereka chakhumi mokhulupirika koma n'kumatumikirabe chuma, monga Yesu anachenjezera pa Mateyu 6:24, chifukwa magawo asanu ndi anayi otsalawo palibe amene amamufunsa.

John Wesley, yemwe anayambitsa gulu la Methodist, anadziikira malire pa zimene amagwiritsa ntchito yekha. Ali ku Oxford ankalandira mapaundi 30 pachaka, n'kugwiritsa ntchito 28, awiri otsalawo n'kupereka. Ndalama zitafika pa 60 anakhalabe pa 28 yomweyo ndipo anapereka 32. Zitafika pa 120 anapereka 92. Mu 1789, atakalamba, ankadandaula kuti anthu ake aphunzira kupeza ndalama ndi kusunga, koma kupereka kwawakanika.

Mu 1977 Ronald Sider, wolemba mabuku achikhristu wa ku America, anafotokoza njira imene banja wamba lingathe kutsatira. Choyamba muwerengere ndalama zimene banja likufunikiradi pachaka: lendi, chakudya, mayendedwe, sukulu, mankhwala. Musachite kuganizira, lembani zonse zotuluka kwa miyezi ingapo, chifukwa ambirife timaiwala zing'onozing'ono zimene banki imadula yokha mwezi ndi mwezi. Ndalama zofunikira pachakazo ndiye malire anu, ndipo pa zimenezo mupereke 10 peresenti. Pa madola 1,000 oyamba opitirira malirewo mupereke 15 peresenti, pa 1,000 otsatira 20 peresenti, n'kumakweza choncho. Choperekacho chizichoka tsiku lolandira malipiro lomwelo, chifukwa chodikira kutha kwa mwezi sichipezeka.

Njirayi imasokonekera kawirikawiri pa malirewo. Ena amawaika pamwamba kwambiri moti sipatsala kanthu. Ena amawatsitsa mopitirira, mwina mwamuna kapena mkazi payekha osakambirana ndi mnzake, ndiye ana amavutika ndipo nyumba imadzaza madandaulo. Malire aunikidwe kamodzi pachaka potengera kukwera kwa mitengo, ndipo ndi bwino kuwaonetsa kwa mkulu wampingo kapena mnzanu wokhulupirika amene angakufunseni mosaopa. Amene ali ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu ayambe waibweza asanakweze chopereka.

Kwa abale athu okhala ku London kapena ku Manchester, ndalama zotumiza kwa makolo kumudzi zilowe m'gulu la zofunikira za banja kuyambira pachiyambi, monga 1 Timoteo 5:8 akunenera, kenaka m'pamene muwerengere zotsalazo.