Funso limene ife madokotala timaiwala kufunsa

Pali mawu amene ndawamva kambirimbiri m'chipinda choonera odwala mpaka anandikwana: "Koma adokotala, ntchito imeneyo ndinasiya kalekale." Wodwala amanena zimenezi ndi mtima woyera, poganiza kuti fumbi limene ankapuma zaka 15 zapitazo analisiya pachipata tsiku limene anatsanzika anzake. Zoona zake n'zakuti fumbi la miyala, makamaka mbali yake yotchedwa silika, likalowa m'mapapo silitulukanso. Timadontho take tating'ono kwambiri, tosaoneka n'komwe ndi maso, timakafika m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo thupi poyesa kulimbana nato limapanga zipsera. Zipserazo zimapitiriza kukula ngakhale munthu atachoka pafumbipo, kotero kuti matenda a silikosisi kawirikawiri amadzaonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo.

Sindiiwala bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene anabwera atanyamula timabuku titatu ta kuchipatala, tomangidwa pamodzi ndi kachingwe. Anali atalandira kawiri mankhwala a chifuwa chachikulu, miyezi 6 ulendo uliwonse, ndipo sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Ulendo woyamba makhololo anaonetsadi tizilombo ta TB. Ulendo wachiwiri sanaonetse kanthu, koma poona madontho pa chithunzi cha mapapo, anzanga anamuyambitsanso mankhwala. Anafika kwa ine akubanika, ndipo kungovula malaya kokha anachita kupumira. M'timabuku tonse titatu, pa mzere wa ntchito panalembedwa liwu limodzi lokha, "mlimi". Nditamufunsa zimene ankachita asanayambe kulima, anadabwa kuti ndikufunsiranji, kenako anati anaboola miyala kwa zaka 12 ndi makina opanda madzi, ndipo madzulo ankaweruka ali mbuu ngati wagwera muufa. Anaonjezera kuti chiyambire kudwala palibe anamufunsapo zimenezo.

Mlanduwo si wake, ndi wathu. Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba buku lofotokoza matenda a amisiri a ntchito zosiyanasiyana, ndipo analangiza kuti pa mafunso amene dokotala amafunsa wodwala aonjezerepo limodzi: amagwira ntchito yanji? Padutsa zaka zoposa 300, koma m'sukulu zambiri zaudokotala phunziro la matenda ochokera kuntchito ndi kumalo okhala limapatsidwa nthawi yochepa, ngati chongotsekera pulogalamu. Wophunzira amatuluka akudziwa kumvetsera mapapo bwino lomwe, koma sanapondeko mumgodi, m'fakitale kapena pamalo opopera mbewu mankhwala. Akafunsa za ntchito amalemba dzina lake lokha, pamene dzina la ntchito silidwalitsa munthu. Chofunika kudziwa n'chakuti munthuyo ankagwira chiyani ndi manja ake, ankapuma chiyani, kwa maola angati ndi zaka zingati, komanso ngati anzake a pamalopo akudwala chimodzimodzi.

Dokotala amene waphunzira ukatswiri umenewu amaonjezera zaka zingapo pamwamba pa maphunziro audokotala, ndipo nthawi yambiri amaithera kunja kwa chipatala. Amaphunzira kumasulira zotsatira za kuyeza fumbi mumpweya, kuyeza mphamvu ya mapapo, kuwerenga chithunzi cha pachifuwa pochiyerekeza ndi zithunzi zovomerezeka za ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ndiponso kudziwa kuti phokoso lofika madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limagonthetsa makutu pang'onopang'ono mosabwereranso. Amaphunziranso kuwerengera odwala m'magulu, pakuti wodwala mmodzi sangakuuze kuti vuto lili pamalo antchito, koma asanu ochokera malo amodzi amakuuza.

Kafukufuku wa nthambi imeneyi nthawi zambiri wayamba motero, ndi munthu amene anachita chidwi n'kufunsa. Mu 1775 Percivall Pott wa ku London anaona kuti amuna amene ali ana ankasesa mwaye m'machumuni amadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche. Mu 1960 J.C. Wagner ndi anzake ku South Africa anafotokoza za anthu 33 odwala khansa ya kachikopa kokuta mapapo, ndipo pafupifupi onse anali atakhudzanapo ndi asibesitosi, mwala wa tiulusi umene unkakumbidwa m'migodi ya kumeneko. Ena mwa iwo sanagwirepo ntchito mumgodi, anangokulira pafupi nawo. Apa m'pamene matenda a kuntchito amakumanirana ndi a malo okhala, chifukwa fumbi silidziwa mpanda wa kampani, ndipo limapita kunyumba pa zovala. Mu 2010 ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana mazana angapo anamwalira ndi poizoni wa mtovu chifukwa miyala ya golide yokhala ndi mtovu inkaperedwa m'makomo momwe anawo ankasewera. Kafukufuku wotere ndi wovuta, ndipo msampha umodzi umene timachenjeza ophunzira ndi wakuti ukangopima anthu amene akadali pantchito umapeza kuti onse ali bwino, popeza odwalawo anachoka kale ndipo akutsokomolera kwawo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zimene zimachitika pa nthawi imene ife tikuchedwa. Bambo uja, asanafike kwa ine, anali atagula mabotolo angapo a mankhwala amene wogulitsa anamulonjeza kuti "amatsuka mapapo". Ndinene mosapita m'mbali: palibe chakumwa, piritsi kapena chofukiza chimene chingachotse silika m'mapapo kapena kusungunula chipsera. Aliyense wokuuzani zosiyana ndi zimenezi akufuna ndalama zanu. Choopsa china n'chakuti mapapo a silikosisi amagwidwa TB mosavuta kuposa mapapo abwino, choncho miyezi imene munthu akumwa zam'mabotolo zija ingakhale miyezi imene TB yeniyeni ikudya mapapo otsalawo n'kumafalikira kwa ana m'nyumba. Amene akadali pantchito asadzinamize ndi kansalu komanga pamphuno, chifukwa fumbi loopsalo limadutsa pansalu mosavuta. Chimene chimateteza kwenikweni ndi kuthira madzi poboola kapena podula mwala ndiponso kukoka fumbi pamalo pomwe likutulukira, ndipo masiki oyenera amangothandizira.

Ngati munagwirapo ntchito pafumbi, pautsi, paphokoso kapena ndi mankhwala ophera tizilombo, lembani papepala ntchito zonse ndi zaka zake, ndipo mukapereke kwa dokotala ngakhale asanakufunseni. Bambo uja sindinathe kumuchiza. Ndinamuletsa fodya, ndinamuuza kuti aziyezetsa TB chifuwa chikangosintha, ndipo ndinamulembera kalata yofotokoza gwero la matenda ake. Potuluka anaima pakhomo n'kundiuza kuti pa anthu amene ankaboola nawo miyala, awiri anawaika kale m'manda, onse atauzidwa kuti ndi TB yosamva mankhwala.