Si mgwalangwa uliwonse umene umabereka

Mukapita pamsika wa ku Avondale, muno mu Harare, mudzaona madengu olukidwa bwino ochokera ku Binga. Amayi a kwathu kuno, amene makolo awo anachokera ku Mangochi kapena ku Nsanje, akangowagwira amadziwa kuti uwu ndi mlaza, masamba a mtengo wa mgwalangwa. Ashona amati murara, Andebele amati ilala, m'mabuku a sayansi timalemba Hyphaene petersiana. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera panyanja yamchere, ndipo mtengowu kwawo ndi kotentha: chigwa cha Zambezi, ku Hwange, monga momwe kumudzi timauonera ku Liwonde ndi kuchigwa cha Shire.

Ntchito yanga ndi yoyeza mitengo m'tchire, ndipo chimene ndimayamba kufotokozera anthu ndi ichi: chitsamba chachifupi chimene amayi amadulako mlaza, ndi mgwalangwa wautali uja umene umatha kupitirira mamita 15, ndi mtengo umodzi. Chitsambacho ndi mwana amene sanaloledwe kukula. Chikamadulidwa nsonga chaka ndi chaka, mbuzi n'kumadya, moto n'kumapserezanso, chimangophukira m'mbali osatulutsa thunthu. Dera lingaoneke lodzaza ndi mlaza, koma mulibe mtengo ndi umodzi womwe wogwetsa mbewu.

Ngakhale pakati pa italiitali, si yonse yobereka. Mgwalangwa uli ndi waumuna ndi waukazi. Waumuna umatulutsa maluwa okha, zipatso zimakhala pa waukazi. Choncho munthu akandiuza kuti m'dambo mwawo muli mitengo yambiri, ndimamufunsa kuti yaikazi ndi ingati, nanga imene ikulendewera matsango ndi ingati. Tikawerenga, kawirikawiri timapeza kuti mitengo ikuluikulu yowerengeka, yomera pamene madzi a pansi ali pafupi, ndiyo yasenza zipatso zochuluka, pamene ina ili ndi tsango limodzi kapena ilibiretu.

Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Chipatso cha mgwalangwa, chobulungira ngati kampira, chimatenga zaka pafupifupi ziwiri kuti chikhwime, ndipo chikakhwima chimatha kukhalabe mumtengo nthawi yaitali chisanagwe. Mukaona mtengo uli mbwee, musaganize kuti zonsezo ndi za dzinja limodzi. Mwaona zokolola za zaka zingapo zitaunjikana. Woyoyola zonse tsiku limodzi, kuti akagulitse kwa osema mkati mwake moyera molimba muja, wadya za zaka zonsezo, ndipo chaka chamawa adzadabwa. N'chifukwa chake kuwerenga kamodzi sikukwanira. Ife timaika chizindikiro cha penti pamtengo, n'kulemba msinkhu wake, matsango angati, aawisi angati, ofiira angati, kenaka n'kubweranso nyengo yomweyo chaka chinacho.

Za uchema zimandiwawa mumtima. Sindidzudzula ogoma, poti m'madera ouma aja ndalama yake ndi imene imagula ufa ndi kulipira sukulu. Koma thunthu la mgwalangwa limakulira pansonga pokha. Wogoma akadula mutuwo n'kumasenga tsiku ndi tsiku kuti madzi azidontha, akapitirira muyeso thunthulo limafa. Chitsa chikhoza kuphukira, inde, koma kuti mphukirazo zidzafike pobereka padzapita zaka zambirimbiri. Pempho langa kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi n'lakuti mitengo yaikazi yobereka kwambiri aidziwe umodziumodzi, isagomedwe, ndipo yaimuna ina itsale pafupi kuti mungu upezeke. Odula mlaza nawonso asamalize nsonga zonse pachitsamba chimodzi, ndipo zitsamba zina azisiye zikwere.

M'tchire, njovu ndi anyani ndiwo amamwaza mbewu. Kumene nyamazi zinatha, ntchitoyo yatsalira anthu. Mbewu yake imachedwa kumera, ndipo imayamba yazika muzu pansi kwambiri tsamba lisanaoneke, kotero kuzula kambande kuti mukawoke kwina nthawi zambiri n'kukapha. Ikwirireni pamalo pamene mukufuna idzakhale.

Bambo wina wa ku Epworth anandifunsa ngati angadzale mgwalangwa pakhomo kuti azikumbukira kwawo ku Salima. Ndinawauza kuti angayese, koma kuzizira kwa Juni kuno kudzauchedwetsa kwambiri. Kanjedza ndiye amapirira bwino kumtunda kuno, ngakhale nayenso ali ndi wamwamuna ndi wamkazi, ndiye adzale angapo.