Mfumu imene inasaka chigawenga n'kudzipeza yokha

Anthu ambiri akamva za sewero la Sophocles, mlembi wachigiriki wakale, lonena za mfumu Oedipus amafulumira kunena kuti ndi nkhani ya munthu amene anapha bambo ake n'kukwatira mayi ake. Yankholi si labodza, koma limaphonya luso limene lasunga seweroli kuchokera pamene linaonetsedwa koyamba mumzinda wa Athens cha m'ma 429 BC. Zoopsa ziwirizo sizichitika pamaso pa oonerera ayi. Sewero likamayamba n'kuti zitachitika kalekale, Oedipus atalamulira mzinda wa Thebes kwa zaka zambiri ndiponso atabereka ana anayi mwa mkazi wake Jocasta. Chimene mlembiyu analuka ndi tsiku limodzi lokha, limene munthu akuzenga mlandu osadziwa kuti wopalamula ndi iye mwini.

Mu Thebes mwagwa mliri, mbewu zikufota, ziweto zikufa, ndipo Creon, mlamu wake wa mfumu, akubwera ndi mawu ochokera kukachisi wa mulungu Apollo ku Delphi akuti mavutowa sadzatha mpaka amene anapha Laius, mfumu yakale, atapezeka. Oedipus, amene adapulumutsapo mzindawo pomasulira mwambi wa chilombo chotchedwa Sphinx, akutemberera wakuphayo pagulu. Oonerera a ku Athens ankaidziwa kale nthanoyi, ndipo mliri weniweni unali utawagwera mu 430 BC, choncho temberero lililonse lotuluka pakamwa pa mfumu linkawalasa mtima.

Mlosi wakhungu Tiresias akunena choonadi koyambirira komwe, koma mfumu ikuyesa chiwembu cha Creon. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti amene akumugwetsa Oedipus si adani ake, koma anthu ofuna kumutonthoza. Jocasta, amene kale anali mkazi wa Laius, pofuna kumuonetsa kuti zolosera n'zosadalirika, akufotokoza kuti Laius adauzidwa kuti adzaphedwa ndi mwana wake, chonsecho khandalo adalitaya kuphiri atalimanga akakolo, ndipo Laius anaphedwa ndi achifwamba pamphambano ya njira zitatu. Mawu akuti mphambano akumuzizitsa thupi Oedipus, chifukwa pamalo otero ndi pamene iye anaphera nkhalamba ina yoyenda pangolo atalimbirana njira. Chiyembekezo chake chatsalira pa chiwerengero basi: wantchito mmodzi amene anapulumuka ananena kuti achifwambawo anali ambiri, pamene iye anali yekha. Akulamula kuti munthuyo aitanidwe.

Asanafike, pakutulukira mthenga wochokera ku Corinth wonena kuti Polybus, amene Oedipus ankamuyesa bambo ake, wamwalira ndi ukalamba. Mfumu ikukhazika mtima pansi, popeza nayonso idaloseredwa kuti idzapha bambo ake n'kukwatira mayi ake, koma ikuopabe kubwerera kwawo ku Corinth chifukwa Merope, mkazi wa Polybus, akadali moyo. Mthengayo, mwa mtima wabwino, akuti palibe choopa chifukwa awiriwo sanali makolo ake omubereka. Iye mwini ndiye adamulandira ali khanda paphiri la Cithaeron kuchokera kwa mbusa wa Laius, ndipo mboni ndi zipsera za m'miyendo, zimene zinam'patsa dzina lotanthauza phazi lotupa. Aristotle, katswiri wa nzeru wachigiriki, polemba za masewero patapita zaka pafupifupi 100, anatchula malo amenewa ngati chitsanzo cha nkhani yotembenukira kumene oichita sanayembekezere.

Jocasta wazindikira zonse mwamuna wake asanazindikire. Akumudandaulira kuti aleke kufufuza, koma Oedipus akuganiza kuti mfumukazi ikungochita manyazi poopa kuti yakwatiwa ndi mwana wa kapolo, ndipo mayiyo akuthamangira m'nyumba osatulukanso. Wantchito woitanidwa uja atafika, zikudziwika kuti ndi mbusa yemweyo amene adapatsidwa khanda kuti akalitaye, n'kulichitira chifundo. Ndimapempha owerenga kuti aonetsetse bwino apa: funso limene mbusayo anaitanidwira, loti achifwamba anali angati, silifunsidwa n'komwe. Mlandu wa imfa ya Laius wamezedwa ndi funso lina lalikulu, loti Oedipus ndi mwana wa yani, ndipo nkhalambayo ikuyankha itaopsezedwa ndi chizunzo.

Zotsatira zake timazimva kwa wantchito wa kunyumba yachifumu, popeza masewero achigiriki kawirikawiri sankaonetsa imfa pabwalo. Jocasta wadzimangirira, ndipo Oedipus wazula zomangira zagolide pachovala cha mayi akewo n'kudziboola nazo maso.