Chimbudzi cha mumlengalenga si manyowa a pompopompo

Tatopa kumva zoti oyenda mumlengalenga amathira chimbudzi chawo ku mbewu n'kumadya zokolola. Sizoona. Pa siteshoni ya mumlengalenga ya ISS, pomwe amakhala ndi kugwira ntchito, chimbudzi amachitsekera m'zitini, n'kukapsa pamodzi ndi chombo cha zinyalala chikamagwa kubwerera ku dziko lapansi. Mkodzo ndiwo amautcheza kuti apezenso madzi akumwa.

Njira yogwiritsa ntchito mabakiteriya kusandutsa mkodzo kukhala manyowa ikuyesedwabe. Mabakiteriya ena amaphwanya urea wa mumkodzo kukhala ammonia, ena otchedwa Nitrosomonas amasandutsa ammonia kukhala nitrite, kenako ena otchedwa Nitrobacter amapanga nitrate wodyetsa zomera. Chovuta n'chakuti mkodzo uli ndi mchere wambiri wowononga mizu. Komanso kopanda mphamvu yokokera pansi, thovu la mpweya silikwera m'madzi, ndiye kupatsa mabakiteriyawa okosijeni kumavuta.

Mukalandira uthenga wotere, musanautumize onani ngati ukunena za kuyesa mu labotale kapena za zimene zikugwira ntchito kale.