Mafunso ndi mayankho okhudza gawo la Chichewa pa chikondwerero cha makwaya cha ku yunivesite

Loweruka lapitali, tsiku limene tinatsegula kalembera, mzere unatulukira kunja kwa chipinda chimene tikubwereka ngati ofesi, ndipo ena mwa inu amene munachokera ku Mabvuku, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Epworth, madera a ku Harare kuno ku Zimbabwe, munabwerera dzuwa litapendeka musanathandizidwe. Pepani kwambiri. Tinali anthu awiri okha pa tebulo, ndipo nthawi yambiri inathera poyankha mafunso amodzimodzi. N'chifukwa chake talemba izi. Tikumbutsenso kuti chikondwererochi si chathu. Eni ake ndi a dipatimenti ya zoimba ya yunivesite imene ikuchititsa mwambowu, ife ndife komiti yaing'ono yongodzipereka imene inapemphedwa kuyang'anira gawo la nyimbo za Chichewa. Malamulo ena tinawapeza alipo kale ndipo tilibe mphamvu yowasintha.

Mwambowu uchitikira kuti, ndipo liti?

Mu holo yaikulu ya pa yunivesiteyo. Tsiku ndi nthawi zili pamwamba pa fomu, ndipo sizinasinthe ngakhale kuti pa WhatsApp pakuyenda mphekesera.

Fomu ndi yogula?

Ayi, ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mugule, mutidziwitse.

Kwaya yathu ndi ya mpingo, si ya pa yunivesite. Tikuloledwa kupikisana nawo kapena ayi?

Funso ili ndi limene latisowetsa tulo, ndiye tiliyankha pang'onopang'ono. Pali zigawo ziwiri. Choyamba ndi cha makwaya a ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo chikho chachikulu chimapita kumeneko. Chachiwiri ndi cha makwaya a m'madera, ndipo makwaya a mipingo, a achinyamata ndi a amayi a Chigwirizano onse akulowa m'menemo. Choncho yankho lalifupi ndi lakuti inde, mukuloledwa kuimba ndipo mupatsidwa malikisi, koma simupikisana ndi ophunzira.

Povuta ndi pa makwaya osakanikirana. Tili ndi makwaya angapo a mipingo amene ali ndi anyamata ndi atsikana ophunzira pa koleji, ndipo atsogoleri awo akufuna kulowa m'chigawo cha ophunzira. Lamulo la eni mwambo likuti oimba opitirira theka akhale ophunzira amene ali m'kaundula chaka chino, ndipo aliyense asonyeze khadi lake la sukulu. Mawu akuti "chaka chino" ndi amene abweretsa mkangano. Nanga amene anamaliza mayeso koma sanavale gawuni? Nanga amene anaimitsidwa chifukwa cha ngongole ya fizi, koma akuyembekeza kubwerera? Tinafunsa, ndipo yankho limene tinalandira pakamwa ndi lakuti woyambayo awerengedwa ngati wophunzira, wachiwiriyo ayi pokhapokha atabweretsa kalata ya ku ofesi ya kalembera ya sukulu yake. Tapempha kuti yankholi atipatse lolembedwa, ndipo mpaka titaliona papepala sitingakulonjezeni kuti silisintha. Ife m'komiti sitinagwirizane tonse pa za mwana woimitsidwa chifukwa cha fizi. Ena tikuona kuti kumuchotsa pa mndandanda wa ophunzira ndi kumulanga kawiri chifukwa cha umphawi wa makolo ake, ndipo maganizo amenewa tawapereka kwa eni ake. Pakadali pano, ngati chiwerengero chanu chili pamalire, tikulangizani kuti mulembetse m'chigawo cha madera. N'kwabwino kutero kusiyana ndi kubwezedwa pakhomo oimba atavala kale yunifolomu.

Chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo, ngakhale ndinabadwira ku Mbare. Kodi chingandilepheretse?

Sichingakulepheretseni. Chitupa timangochifuna pofuna kutsimikiza kuti dzina lili pa fomu ndi la munthu amene waima pamaso pathu. Za unzika sitifunsa, ndipo palibe amene tamupatsa mphamvu yofunsa. Tamva kuti bambo wina wachikulire anabwezedwa ndi mnyamata amene ankatithandiza pa mzere Loweruka lija. Zinalakwika, ndipo tikupempha bambowo kuti abwere tidzawalembe popanda kuimanso pa mzere.

Tionjezerepo pang'ono ngakhale si ntchito yathu. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, pa ndime 43, amanena kuti munthu amene anabadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, kholo lake limodzi kapena onse awiri ali nzika za dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala kuno pa nthawiyo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Ambiri mwa makolo athu akusungabe zitupa zakale chifukwa palibe anawafotokozera. Za kusintha chitupa mukafunse ku ofesi ya boma yopereka zitupa, ife sititha kukuthandizani pamenepo.

Bwanji mukuletsa oimba aganyu? Makwaya onse amachita zimenezi.

Si onse, komabe tikudziwa kuti ambiri amachita. Chaka chatha tinaona tena mmodzi akuimba m'makwaya atatu, akungosintha malaya kuseri kwa holo. Chaka chino woimba aliyense alembedwa m'kwaya imodzi yokha, ndipo mayina sasinthidwa fomu ikalandiridwa, kupatula pa matenda kapena maliro. Kwaya ikabwereka besi wa ganyu ikhoza kutenga chikho, koma Lamlungu lotsatira ganyuyo kulibe, ndipo mnyamata wa mumpingo momwemo amene akanaphunzira mawuwo wakhala pansi miyezi itatu akuonerera. Mwambowu unakhazikitsidwa kuti ukuze oimba. Ngati mulibe matena okwanira, tiuzeni tikutumizireni wophunzira wa zoimba adzakuthandizeni kuwaphunzitsa. Wotsogolera kwaya yekha ndi amene angatsogolere makwaya awiri, ndipo anene zimenezi pa fomu.

Ndalama yolembetsera tilipire m'madola kapena mu ZiG? Ena akuti analipira zochepa.

Mtengo walembedwa pa fomu m'madola a ku America, koma mukhoza kulipira mu ndalama iliyonse mwa ziwirizi. Kuyambira pamene ZiG, ndalama ya Zimbabwe, inayamba kugwira ntchito mu April 2024, ofesi ya zachuma ya eni mwambo imagwiritsa ntchito mtengo wosinthira wa ku banki wa tsiku limene mukulipira, osati wa mumsewu. N'chifukwa chake makwaya awiri olipira masiku osiyana angaone manambala osiyana pa malisiti awo. Palibe amene wachotseredwa mtengo mwamseri, ndipo buku la malisiti ndi lotsegula kwa msungichuma wa kwaya iliyonse amene akufuna kuliona.

Pali zinthu ziwiri zimene tikupempha. Mukabwera ndi madola, bweretsani ndalama yokwanira ndendende chifukwa tilibe chenji, ndipo ndalama zong'ambika kapena zakuda kwambiri ku ofesi ya zachuma amatibwezera. Chachiwiri n'chachikulu: musatumize ndalama pa foni kudzera pa EcoCash ku nambala ya munthu, ngakhale atakhala membala wa komiti ino kapena mkulu wa mpingo wanu. Nambala yovomerezeka ndi imene yasindikizidwa pa fomu. Makwaya awiri abwera kale ndi mauthenga a pa foni osonyeza kuti analipira, koma ndalamazo sizinafike m'thumba la mwambo. Nkhani yawo tikuifufuza, ndipo sitinena zambiri pano kuopa kupaka munthu matope tisanamve mbali zonse. Malo awo tawasunga kaye mpaka kufufuzaku kuthe. Sitikudziwa ngati eni mwambo angavomere kuwalola osalipiranso, ndipo sitikufuna kuwapatsa chiyembekezo chimene sitingathe kuchikwaniritsa.

Tikalephera kubwera, ndalama idzabwezedwa?

Lamulo likuti sibwezedwa, chifukwa imakhala italipira kale holo ndi oweruza. Pa maliro a woimba kapena wotsogolera kwaya, lembani kalata, tidzapempha eni mwambo m'malo mwanu. Kupempha si kulonjeza.

N'chifukwa chiyani tikukakamizidwa kuimba nyimbo yolembedwa m'solofa? Ife timaphunzira ndi khutu ndipo timaimba bwino.

Kwaya iliyonse iimba nyimbo ziwiri: yoikidwa ndi eni mwambo, imene ambiri mumaitcha seti pisi, ndi ina yodzisankhira. Paja nyimbo imodzi sachezera gule. Yodzisankhirayo phunzirani mmene mukufunira, ndipo palibe woweruza amene angakuchotsereni malikisi chifukwa choti munaiphunzira ndi khutu. Khutu la oimba athu ndi chuma, ndipo ambiri amene amawerenga manotsi alibe khutu lotero.

Koma solofa si chinthu chachilendo pakati pathu. Njira ya do, re, mi imeneyi anaifalitsa ndi mbusa wa ku England, John Curwen, m'zaka za m'ma 1800, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo amishoni anafika nayo m'masukulu a ku Blantyre, Livingstonia ndi Nkhoma. Agogo athu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu anabwera nayo m'mabuku awo a nyimbo. Mbusa T.C.B. Vlok atachoka ku Nkhoma mu 1912 kudzatumikira anthu a ku Nyasaland (Malawi) mu Salisbury (Harare wa lero), mipingo imene inakula kuchokera pa ntchito imeneyo, imene mu 1965 inakhala sinodi ya CCAP ya kuno, inkaimba mawu anayi: sopulano, alito, tena ndi besi. Chimene chachitika n'chakuti akuluakulu odziwa kuwerenga solofa akutha, ndipo m'makwaya ambiri watsala mmodzi. Iyeyo akadwala kapena akasamukira ku Joni, kwaya imabwereza nyimbo zomwezo chaka ndi chaka. Ndiponso nyimbo zambiri zokoma zimene apeka anthu a ku Highfield ndi Mbare zapita kumanda limodzi ndi eni ake chifukwa palibe anazilemba. Seti pisi ndi njira yokakamiza kuti m'kwaya iliyonse mukhale anthu awiri kapena atatu otha kutsegula pepala n'kuimba.

Tivomereze pano kuti pepala la nyimbo ya chaka chino linatuluka mochedwa, ndipo loyambalo linali ndi cholakwika pa mzere wa alito pa tsamba lachiwiri. Cholakwacho ndi chathu, chinachitika potayipa. Lokonzedwa lili ndi chidindo pakona. Amene munaphunzira kale lakalelo, oweruza tawadziwitsa, koma chonde sinthani.

Kodi Chichewa chikufunanji pa mwambo wa yunivesite ya m'Zimbabwe?

Chili kwawo. Malamulo a 2013 omwe aja, pa ndime 6, amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa ndi choyamba pa mndandandawo. Ngakhale yunivesite yakale kuposa zonse m'dziko muno, ya ku Mount Pleasant, inayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland. Kwa zaka zambiri ana athu akhala akubisa chilankhulo cha agogo awo kusukulu poopa kutchedwa mayina onyoza. Mwana wotero akaima pa nsanja ya yunivesite n'kuimba Chichewa, anzake n'kumuombera m'manja, amabwerera kunyumba mutu uli m'mwamba. Tinaziona ndi maso athu chaka chatha.

Oimba athu ambiri ndi ana obadwira kuno, Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chishona. Sadzalephera?

Abwere ndithu, gawoli ndi lawo. Ngakhale kwaya ya anthu olankhula Chishona kapena Chindebele okhaokha ndi yololedwa. Katchulidwe ka mawu kali ndi malikisi ake, choncho atsogoleri mugwirepo ntchito. Mpweya wa pa ph, th ndi kh ndi umene umasowa kwambiri. Kuponya ndi kuphonya ndi mawu awiri osiyana, ndipo mwana wozolowera mawu a Chishona akuti kupa, amene amatanthauza kupatsa, amafunika kumva kuti kupha ndi nkhani ina. Itanani agogo a mumpingo adzakhale nawo pophunzira nyimbo, muwawerengere mawu musanayambe kuimba. Opeka nyimbo kumbukiraninso kuti Chichewa chimakweza ndi kutsitsa mawu: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pamenepo. Nyimbo zambiri zakale zotanthauzidwa kuchokera ku Ulaya sizinasamale zimenezi, koma nyimbo yatsopano iyenera kusamala.

Chaka chatha oweruza sankadziwa Chichewa. Zidzachitikanso?

N'zoona kuti mwa oweruza atatu panalibe wolankhula Chichewa, ndipo madandaulo anu anali omveka. Zotsatira za chaka chatha sizingasinthidwe. Chaka chino tapempha kuti mmodzi akhale wodziwa chilankhulo komanso wosakhala wa mpingo uliwonse umene uli ndi kwaya pa mpikisano, ndipo munthu wotero mu Harare ndi wovuta kumupeza chifukwa tonse timadziwana. Tili ndi mayina awiri amene tikukambirana nawo. Kwaya iliyonse ilandira pepala lake la malikisi ndi ndemanga tsiku lomwelo, osati patapita mwezi ngati mmene zinalili.

Ng'oma, visekese ndi kiyibodi n'zololedwa?

Pa seti pisi ayi, ndi mawu okha. Pa nyimbo yodzisankhira ng'oma, visekese, hosho (maseche a Chishona) ndi marimba n'zololedwa, koma kiyibodi yodziimbira yokha kapena nyimbo ya pa fulashi ayi. Ena afunsa za kubweretsa gule wamkulu pa nsanja. Tinakambirana ndi akuluakulu a kudambwe komanso a mipingo, ndipo onse anagwirizana kuti malo ake si amenewa.

Tingajambule mwambowu n'kuika pa Facebook?

Kwaya yanu yokha inde. Ngati nyimbo yodzisankhira ndi ya munthu wina amene ali moyo, mupemphe chilolezo chake ndipo dzina lake lilembedwe pa fomu.

Za mayendedwe ndi chakudya?

Kwaya iliyonse idzipezere yokha. Amene muli mbali imodzi, monga a ku Mabvuku ndi Tafara, gwirizanani kuhaya kombi imodzi. Madzi akumwa adzakhalapo, koma kamba bweretsani, ndipo kudyera m'holo n'koletsedwa. Ofesi tidzatsegulanso Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa, ndipo pa tebulo tidzakhala anthu anayi. Pabwere mlembi kapena msungichuma wa kwaya ndi mndandanda wa mayina, osati kwaya yonse.